Ndinameza "Pang'ono"

9 Malichi

Amake mapasa,

Moni wanga akupezeni muli amoyo, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene ukundikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti simbi ya kuhotela si choko cha m'kalasi. Kalata yanu ndinalandira. Ndamva kuti mapasa ayamba kulimbirana nsapato. Muwagulire zofanana ndendende, mtundu umodzi, apo ayi m'nyumbamo simukhala mtendere.

Tsopano khalani pansi kaye. Alamu, mlongo wanu, amangidwa. Ndanena mosapita m'mbali chifukwa mukamva kwa ena adzathiramo mchere. Sanabe kanthu, sanamenye munthu. Anawagwira akupemphera.

Paja ndinakuuzani kuti kuno mpingo ngati wathu suloledwa kusonkhana popanda chiphaso, ndipo chiphasocho upemphe mpaka imvi, sichituluka. Ndiye patsiku lopuma tinkakumana m'kachipinda kosungiramo matayala, pamwamba pa galaja imene alamu amawotcherera zitsulo. Mipando yathu inali matayala omwewo. Nyimbo tinkayimba chapansipansi, wina n'kuyatsa makina m'galajamo kuti phokoso litiphimbe. Sabata yatha woyatsa makinayo anadwala, ndipo anthu anati tiyeni tingoyimba, n'kamodzi komwe. Apolisi anafika cha m'ma teni m'mawa n'kutenga onse amene anawapeza, anthu khumi ndi awiri. Asanu ndi awiri ndi akwathu, alamu pakati pawo. Asanu enawo ndi a dziko lina amene tinkapemphera nawo.

Mufunsa kuti nanga ine ndinali kuti. Ndinachedwa. Imeneyo tiisiye pamenepo.

Kundende ndapitako kawiri koma sandilola kulowa. Akuti amalowa ndi wachibale yekha, ndipo kuno mlamu samuwerengera pachibale. Tangoganizani, munthu amene ndadya naye mbale imodzi zaka zitatu! Ndinasiya sopo, bulangete ndi malaya awiri kwa msilikali wa pageti. Anazilandira ndi zala ziwiri. Kaya zinafika.

Amayi muwauze mofatsa, atadya kale, atakhala pansi. Ndine ndinawanyengerera kuti alole mwana wawo abwere kuno, iwo akukana. Ndinawauza kuti luso la manja ake likungotayikira pa mawilibala a anthu osalipira, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzamuyang'anira ngati mng'ono wanga. Muwauze kuti sindinakhale pansi, ndikuyenda m'maofesi mpaka atatuluka.

Kangachepe kamene ndatumizako mugulire malata a kukhitchini, chifukwa munandiuza kuti nkhuni zikunyowa. Kalipentala musamupatse zonse asanakhome msomali womaliza, mukumudziwa. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale abwere ndi mawu okoma bwanji.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a mapasa

2 Epulo

Amake mapasa,

Ndikukhulupirira kuti nonse mukudzuka bwino. Ine ndilipo. Pepani pomva kuti amayi anagona masiku awiri osalankhula atamva nkhani ija. Mwachita bwino kuwatengera kunyumba kwathu.

Ndinapita ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Ili pansanjika yachitatu, chikepe chake chinafa kalekale, ndiye umafika pamwamba uli wefuwefu, mkwiyo wonse utathera pamasitepe. Mwina n'chifukwa chake sachikonza. Ndinapeza mipando itatu, fani yozungulira mwaulesi ndi kalaliki mmodzi, wakwathu weniweni. Anandilandira bwino, anamvetsera zonse, anapukusa mutu pamene panafunika kupukusa.

"Achimwene," anatero, "ndikuuzeni chilungamo. Boma lathu likapita kumisonkhano ikuluikulu limalankhula bwino zedi za ufulu wopembedza, mpaka anthu kuwomba m'manja. Koma anthu athu ogwira ntchito kuno ndi ambirimbiri. Tikakweza mawu chifukwa cha asanu ndi awiri, mawa atsekera chipata onsewo. Ndiye ife timalemba makalata aulemu."

"Nanga amayankha?" ndinafunsa.

"Amayankha ndithu. Mwaulemunso."

Ndinafuna kupsa mtima, koma ndipsere yani? Munthuyo kolala ya malaya ake inali yotembenuza, ndinaona ndi diso la wosita.

Pondiperekeza pakhomo ananditsina khutu. Akuti kuli dziko lina lalikulu limene boma lake linaika lamulo loti chaka chilichonse lizitumiza nthumwi kukaona momwe anthu a mipingo ing'onoing'ono akusungidwira m'mayiko ena. Nthumwizo zikabwerera kwawo zimalemba lipoti, ndipo dziko limene latchulidwa moipa malonda ake ndi dziko lalikululo amavuta. Boma la kuno silifuna kuchita manyazi otero. Mayina amene alowa mu lipotilo, makamaka a odwala ndi omenyedwa, amatulutsidwa msanga n'kutumizidwa kwawo mwakachetechete. Kalaliki akuti anaziona zikuchitika kawiri.

Nthumwizo zikubwera mwezi wamawa, ndipo mukudziwa kumene zikafikire? Kuhotela kwathu konkuno! Ndiye kuti malaya awo adutsa m'manja mwanga. Ndaganiza zoika kakalata m'thumba la malaya a mmodzi wa iwo, koma zovala zonse amazisecha zisanakwere kumtunda. Ndiganizabe njira ina. Chachikulu n'chakuti dzina la alamu lilowe m'buku la anthu amenewa. Likangolowa, basi, atuluka.

Funso lanu lija ndaliona, loti ndinachedwa bwanji munthu amene kwathu ndinkafika kumapemphero wotsegula chitseko asanafike. Ndi ntchito, mayi. Ya kuhotela ilibe tsiku lopuma lenileni.

Zinthu kuno zakwera mtengo, sopo yemwe timadulirana. Mapasa muwauze kuti ndaona zimene anajambula kumapeto kwa kalata. Amene anajambula bambo wa mutu waukulu ngati ndowa ndidzamudziwa ndikabwera.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

6 Meyi

Amake mapasa,

Moni nonse kumeneko. Lero ndikulemba ndi chimwemwe. Muwawerengere amayi kalata ino mokweza.

Mukuwakumbukira a Makiyi, kapitawo wa kampani imene inatibweretsa kuno, amene amatsekera mapasipoti athu m'kabati n'kumayenda makiyi akulira m'chiuno? Dzulo anatsikira kuchipinda chochapira. Zaka zitatu zonsezi sanapondeko, akuti nthunzi imawakwinyira suti. Ndinangomva ngwerengwere kumbuyo kwanga, simbi n'kutsala pang'ono kupsereza pilo.

"Aphunzitsi," anandiitana, paja ndi dzina limene anzanga anandipatsa kuno. "Akuti munkaphunzitsa Chingerezi kwanu?"

"Inde bwana, ana aang'ono."

"Zakwana. Alendo aja apempha kukaona akaidi. Asanu aja ali ndi wowamasulira wa chinenero chawo. Akwanuwa alibe. Akuluakulu andifunsa munthu wofatsa, ndiye ndapereka dzina lanu. Ndawauza kuti inu si wa kagulu kaja. Si choncho?"

Ndinayankha zimene munthu amayankha kwa amene akusunga pasipoti yake.

Akutuluka anatembenuka n'kuti, "Mukamasulire mwachidule. Alendo amakhala otopa. Komanso kontirakiti yanu ikutha mu Ogasiti, ndipo ine ndimakonda kusainira anthu osachulutsa mawu." Anamwetulira ponena zimenezi, ndiye mwina kunali kucheza chabe.

Mayi, taonani momwe zinthu zimayendera! Ine ndinkaganiza za kakalata m'thumba, koma tsopano ndikalowa ndekha pageti limene ankandibweza, ndikakhala tebulo limodzi ndi nthumwi za boma lalikulu. Alamu akalankhula, mawu awo akadutsa pakamwa panga. Palibenso kalaliki, palibenso kalata yaulemu. Pakhala iwo, ine ndi alendowo.

Ndabwereka jekete limene mlendo wina analiiwala chaka chatha osabweranso kudzalitenga. Manja ake ndi aatali koma ndawapindira m'kati n'kusita, simungadziwe. Chingerezi changa chinachita dzimbiri, ndiye ndikuchinola pagalasi la chitseko cha makina owumitsira zovala. Anzanga akundiseka, akuti Aphunzitsi apenga, akulankhula ndi mabulangete. Asiyeni aseke. Mukanandiona, inunso mukanati ndayamba kudzimva, ndipo sindikanakana.

Tikupita Lachiwiri likubwerali. Muwauze amayi kuti ayambe kudya bwino, mwana wawo asadzawapeze atatha. Muwauze kuti mkamwini wawo akanena zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe.

Ine wanu,
Bambo a mapasa

19 Meyi

Amake mapasa,

Moni. Ndili bwino.

Tinapitako. Alamu ndinawaona, ali moyo, akuyenda okha. Awondako. Kucheza sitinacheze chifukwa nthawi inali yochepa ndipo m'chipindamo munali anthu. Alendo analemba zimene analemba ndipo abwerera kwawo. Lipoti lawo akuti limatenga miyezi iwiri. Tidikire.

Malata aja munakhoma? Ngati atsalako, muike pamwamba pa khola. Ana asamasewere ndi zidutswa zake, zimacheka. Mbuzi ikabereka mundiuze. Chitseko cha kuchipinda chogona amayi chija chimalira, muthire mafuta pa mahinjesi. Dzenje la zinyalala likadzaza muitane munthu akumbe lina kutali ndi chitsime, osati pomwe munkanena paja.

Jekete ndinabweza tsiku lomwelo. Kuno kwatentha kwambiri ndipo chakudya sichikundilowa, koma si matenda, musade nkhawa. A Makiyi anandigwira chanza pamaso pa anzanga onse. Akuti kontirakiti yanga asaina msanga, osadikira Ogasiti.

Musandifunse zambiri za tsiku lija m'kalata yanu. Ndidzafotokoza ndikapeza mpata.

Bambo a mapasa

28 Julayi

Amake mapasa,

Ndikupemphera kuti muli bwino ndi ana ndi amayi. Za ine ndekha sindinena kanthu. Makalata anu atatu ndinalandira. Ali pansi pa pilo, ndawawerenga mpaka mopindamo mwayamba kung'ambika. Sindinayankhe chifukwa cha manyazi.

Zimene mwamvazo ndi zoona. Lipoti linatuluka. Asanu a dziko lina aja anatulutsidwa ndipo ali kwawo. Akwathu asanu ndi awiri akadali m'kati. Kalaliki wa kwa kazembe wathu anandionetsa tsamba lake. Za asanuwo pali mayina, masiku, ndi zonse zimene anachitidwa. Za akwathu pali mzere umodzi, woti akaidiwo ananena okha kuti ali bwino ndipo alibe dandaulo. Mzere umenewo unatuluka pakamwa panga.

Ndiyambe ndi tsiku la galaja. Kuchedwa ndinachedwadi, koma ndinafika. Ndinali pakati pa masitepe, nditavala yunifomu ya kuhotela, ndili ndi thumba la zochapa m'mene ndinkabisamo mabuku athu a nyimbo. Wapolisi ananditsekera njira n'kufunsa ngati ndili wa gululo. Ndinati ayi, ndabweretsa zochapa za eni galaja, anthuwa sindiwadziwa. Ndikunena choncho alamu ankatsitsidwa, manja ali kumbuyo. Anadutsa pafupi, phewa lawo linakhudza langa. Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinawayang'ane. Mabuku ndinakawataya m'bini kuseri kwa msika.

Tsopano tsiku la kundende. Anatilowetsa m'chipinda chonunkha penti watsopano, patebulo pali maluwa apulasitiki. Mtsogoleri wa nthumwi anali mayi wa imvi, wa magalasi, wolankhula modekha. Mkulu wa ndende anaima kumbuyo kwanga, pafupi moti ndinkamva kupuma kwake pakhosi. Asanu aja analowa poyamba. Wowamasulira anali namwino, mzimayi wamfupi woti simungamuwerengere. Mayi ameneyo ananena zonse. Mkaidi akalira, iye ankamasulira misozi ikutsika, osasiya. Mkulu wa ndende anakhosomola kangapo, iye osatembenuka.

Kenako analowa akwathu, ndipo anasankha alamu kuti awalankhulire. Anali atavala malaya atsopano a manja aatali, kutentha konse kuja, mabatani otseka mpaka m'khosi. Anakhala pampando pang'onopang'ono, chopendekera mbali imodzi. Mayi wa magalasi anafunsa kuti ali bwanji, akuwasunga bwanji. Ndinamasulira. Alamu sanayang'ane mlendoyo, anayang'ana ine, n'kuti, "Tili bwino pang'ono."

Mayi, inu mukudziwa. Munthu wakwathu akati ali bwino pang'ono, sufunsanso, umathamangira galimoto. Paja bambo anu ananena mawu omwewa m'mawa wina, madzulo ake tinali nawo kuchipatala. Alamu anasankha mawu amene mlonda aliyense, ngakhale wodziwa chinenero chathu cha m'buku, sakanawagwira, koma amene ine sindikanalephera kuwamva. Anandipatsira m'manja. Ntchito yanga inali kungotsegula pakamwa n'kuuza mlendoyo kuti anthuwa akuvutika.

Ndinamva kupuma kuja pakhosi. Ndinaganiza za kabati ya a Makiyi, za fizi ya mapasa, za thumba la zochapa lija. Ndinati mu Chingerezi, "Akuti ali bwino." Liwu limodzi lija ndinalimeza.

Mayiyo anafunsanso ngati pali wodwala kapena womenyedwa. Alamu anati, "Tikupirira. Mulungu akuona." Ine ndinati, "Akuti akuthokoza Mulungu." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa, "Ndi zokhazo?" Ndinati ndi zokhazo. Anadikirabe, cholembera chili m'mwamba. Anandipatsa mpata wokwanira, sindinganame. Kenako analemba.

Alamu Chingerezi sachidziwa bwino, koma anaona kuti mlendoyo nkhope yake sinasinthe. Anazyolika. Anzawo asanu ndi mmodzi aja onse anali akundiyang'ana.

Ndinakuuzani kuti muwauze amayi kuti ndikanena zonse. Ndinadzitama ndi jekete la eni ake. Sindikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa sindikuona poyambira. Ndangofuna kuti mudziwe munthu amene munakwatiwa naye.

Bambo a mapasa

20 Ogasiti

Amake mapasa,

Kalata yanu yopanda moni ndinalandira. Ndi yoyenera. Mizere inayi yokha, koma ndinakhala nayo pansi pakati pa madengu a zochapa mpaka anzanga anandidzutsa. Mwati zimene ndinachitazi amayi simunawauze ndipo simuwauza, ndidzawauza ndekha. Ndamva. Mwatinso ndalama za kontirakiti yatsopanoyi musazione pakhomo panu. Ndamvanso, koma ana alibe mlandu, ndiye kangachepe ndatumiza kudzera kwa mlongo wanga. Mukakana, akagulire ana mayunifomu iyeyo.

Ndinapita ku ofesi ya kazembe wa dziko lalikulu lija. Kumeneko chikepe chimayenda, koma kuti ufike pachikepepo umavula lamba, kusiya foni pageti, n'kuima pamzere theka la tsiku. Anandipatsa mlembi woona za ufulu wa anthu, bambo wamtali wopinda manja a malaya. Ndinamuuza kuti womasulira wa tsiku lija ndine, ndipo ndinanama.

Ananditenga ngati munthu wosokonezeka mutu mpaka nditamulembera liwu lija loti "pang'ono" papepala. Anafufuza pakompyuta n'kuti, "Koma apa akuti tanthauzo lake ndi zochepa. Kukhala bwino mochepa ndi kukhalabe bwino, si choncho?" Ndikanaseka likanakhala tsiku lina. Ndinamufotokozera kuti kwathu munthu sanena pamaso pa mlendo kuti ndikufa. Amachotsako kachidutswa pa moni wake, ndipo wachibale amamva. Kenako anati boma lake limatumiza anthu ulendo wautali ndi ndalama zambiri, koma zonse zimathera pa munthu mmodzi wokhala pakati. Sananene mondinyoza, koma ndinalakalaka pansi patatseguka.

Akuti lipoti losindikizidwa silisintha chifukwa cha mawu apakamwa. Pakufunika chikalata chosainidwa, cha dzina langa lenileni, chonena kuti ndinamasulira monama, chifukwa chake, ndiponso kuti akaidiwo ndimawadziwa bwanji. Akatero angapemphe kukawaonanso. Anandichenjeza kuti pempho lotero limapita ku boma la kuno, ndipo kunditeteza sangathe.

Chikalatacho chinakhala m'thumba mwanga masiku atatu. Musaganize kuti ndinalimba mtima msanga. Kawiri ndinafika pageti lawo n'kubwerera. Tsiku lachitatu ndinasaina, ndipo pamzere wofunsa kuti ndimawadziwa bwanji ndinalemba kuti ndine wa mpingo womwewo, ndipo mmodzi ndi mlongo wa mkazi wanga.

Boma la kuno lalola kuti mlembiyo akalowe kwa mphindi khumi zokha mwezi wamawa. Womasulira wina sanapezeke. Ndikhalanso ine.

Mupereke moni kwa ana, ngati mungalole.

Bambo a mapasa

11 Sepitembala

Amake mapasa,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Kalata ino ndapatsira mnzanga amene akunyamuka mawa, kuti ikufikeni ine ndisanafike.

Tinapita Lolemba. Ulendo uno kunalibe maluwa kapena penti. Anatitengera kuchipinda cha odwala cha m'ndendemo, mabedi asanu ndi limodzi, zenera limodzi. Alamu anali pabedi la kukona. Ndikuuzani zimene ndinaona, osachotsako. Akutsokomola kwambiri. Dzanja lamanja, lija ankagwirira chowotcherera, lamangidwa nsalu ndipo zala ziwiri sizikupindika. Atandiona anayesa kudzuka kuti andipatse moni, ine amene.

Mlembi uja anakhala pampando, ine ndinaima, mkulu wa ndende anaima pamalo ake akale kumbuyo kwanga. Mlembi asanafunse kanthu, alamu anayamba kulankhula msangamsanga, maso ali pa ine.

"Alamu, musachite zopusa. Ndamva kuti mwasaina chinachake. Auzeni kuti tili bwino, basi. Tsiku lija ndinalakwa ndine kukusenzetsani katundu wotere. Akakuthamangitsani, mlongo wanga ndi mapasa adya chiyani? Amayi awasunga ndani? Pamasitepe paja ndinakuonani, ndipo ndinathokoza kuti mmodzi wa ife watsala panja. Wamangidwa mmodzi pabanja, zakwana."

Mayi, ndinkayembekezera kuti andilavulira. Ndinali nditakonzeka kulandira zimenezo, mwina zikanandipepuza. Koma munthu anagona pamenepo ndi dzanja lophwanyika n'kumadera nkhawa ntchito yanga ya simbi. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Mlembi anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinayamba ndi mawu oyamba, akuti musachite zopusa, n'kupitiriza mpaka kumapeto, liwu ndi liwu, za masitepe zomwe. Kenako ndinati ndikuwonjezera zanga, n'kumuuza kuti ayang'ane dzanjalo, afunse kuti linatani, aone misana ya enawo. Anafunsa, ndipo awiri amene anali pamabedi oyandikana anavula malaya okha. Mlembi analemba masamba atatu. Mkulu wa ndende naye anatulutsa kabuku kake n'kulemba mzere umodzi. Ndinadziwa kuti ndi dzina langa.

Alamu atazindikira zimene ndachita anati, "Mwapha ana, alamu," n'kutembenukira kukhoma. Mphindi khumi zitatha ndinawatsanzika kawiri, sanayankhe.

Lachitatu a Makiyi anatsikiranso kuchipinda chochapira. Sanalankhule zambiri. Anaika pasipoti yanga pathebulo lositira, koyamba ine kuigwira m'zaka zitatu, ili ndi chidindo choti ndituluke m'dziko muno pasanathe masiku asanu ndi awiri. Kunena zoona ndinayembekezera zoposa pamenepa. Kalaliki wa kwa kazembe wathu akuti sanandimange chifukwa dzina langa lili kale m'mapepala a alendowo. Iye wandithandiza za tikiti, ndipo akuti alembanso kalata ina.

Mayina onse asanu ndi awiri atumizidwa ku likulu la dziko lalikulu lija. Ndinamufunsa mlembi kuti atuluka liti. Anati mwina miyezi iwiri, mwina adikira lipoti la chaka chamawa, sangalonjeze. Ndikanalankhula mu Meyi, bwenzi alamu ali kumeneko tsopano, dzanja lawo lili bwino, chifukwa linaphwanyidwa mu Juni. Zimenezi ndinazimva kwa anzawo, ndipo ndikufuna muzidziwe inunso, kuti musadzayese kuti zimene ndachita Lolemba zafufuta kanthu.

Ndifika Lachinayi ndi basi ya masana. Musabwere kudzandichingamira, ndipo ana musawauze tsiku. Ndilibe chimene ndawagulira. Ndikubwera ndi zikwama ziwiri. Chachiwiricho ndi cha alamu, eni galaja anandipatsa kuti ndichotse m'chipinda chimene alamuwo ankagona, muli zovala ndi magalasi awo owotcherera. Amayi akuchidziwa chikwama chimenecho, anasoka okha chogwirira chake. Akachiona patali adzaimirira n'kuyamba kuyang'ana kumbuyo kwanga.

Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Muwauziretu kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu. Zotsalazo ndidzanena ndekha.

Ine,
Bambo a mapasa